Mapu a simenti a Africa ndi Asia pabwalo la sukulu: momwe ntchito yayendera

Zolemba izi ndi za mapu a Africa ndi Asia amene tamanga ndi simenti pansi, pabwalo la sukulu yathu ya sekondale yoyendera m'dera la Bangwe kuno ku Blantyre. Ndine mphunzitsi wa Geography, ndipo ntchitoyi ndagwira ndi ophunzira a Fomu 2, amisiri awiri komanso komiti ya makolo. Pasukulu pano buku la mapu ndi limodzi pa ophunzira ambiri, kotero tidafuna mapu amene kalasi yonse ingawazungulire, kuwaponda, ngakhale kuthirapo madzi kuti ione kumene mitsinje imalowera. Mitengo ya zipangizo imene ndalemba ndi imene ife tidalipira, ndipo amene akufuna kumanga awo afunse kaye m'masitolo chifukwa mitengoyi sikhalitsa.

Pa 4 Meyi: kusankha mapu okopera ndi muyeso

Komiti idavomereza K900,000. Poyamba tidafuna kukopera mapu a dziko lonse amene ali pakhoma la muofesi, koma titayeza tidaona kuti pa mapu amenewo Russia ikuoneka yaikulu kuposa Africa, pamene Russia ndi masikweya kilomita pafupifupi 17 miliyoni ndipo Africa ndi oposa 30 miliyoni. Mapuwo ndi a mtundu wa Mercator, umene umatupitsa mayiko akutali ndi Ikweta. Tidawasiya, n'kupeza pa intaneti mapu osunga kukula kwenikweni kwa dziko lililonse, amene pakati pake pali Arabia, ndipo tidakawasindikiza ku Limbe pa mapepala akuluakulu pa mtengo wa K24,000.

Muyeso tidagwirizana kuti sentimita imodzi iimire makilomita 25. Africa, imene kuchokera kumpoto kufika kumwera ndi makilomita pafupifupi 8,000, ikutenga mamita 3.2, ndipo makontinenti awiri onse akukwana pa silabu ya mamita 8 mulitali ndi mamita 6 mulifupi. Pa muyeso umenewu nyanja ya Malawi ndi yotalika masentimita 23 okha. Ophunzira ena sadakondwe nazo, koma tikadaikulitsa tikadakhala kuti tabwerera ku vuto lomwe tidathawa pa mapu a pakhoma aja.

Pa 11 Meyi: kupeza kumpoto ndi kukumba

Tidafuna kuti kumpoto kwa mapu kukhale kumpoto kwenikweni, kuti wophunzira akaima pa Malawi n'kuloza ku Egypt aziloza kumene Egypt ilidi. Kampasi za m'mafoni atatu zidaloza mosiyana, mwina chifukwa cha malata ndi zitsulo zimene zili pafupi. Tidazika ndodo yowongoka pakati pa bwalo, n'kumalemba pamene mthunzi wake ukuthera kuyambira m'mawa mpaka masana. Blantyre ili pafupifupi madigiri 16 kumwera kwa Ikweta, ndipo mwezi uno dzuwa limadutsa chakumpoto, kotero mthunzi waufupi kwambiri wa tsikulo umaloza kumwera. Mzere umenewo ndi umene tidautsata pomanga zingwe.

Chingwe, misomali ndi choko zidatenga K15,000, matabwa otchingira konkire K30,000. Pokumba tidapeza chulu chakale cha chiswe pakona imodzi, ndipo amisiri adakana kuthira konkire pamenepo mpaka titachotsa dothi lonse lofewa ndi kudzazamo zibuma za njerwa zosinjidwa bwino.

Pa 18 Meyi: kuthira silabu

Tidagula matumba 18 a simenti pa K19,500 thumba limodzi, zonse K351,000. Miyala ya kwale idali K120,000 ndipo mchenga wa kumtsinje K70,000, kuphatikizapo mayendedwe. Amisiri tidagwirizana nawo K180,000. Silabu ndi yokhuthala masentimita 7.5. Madzi adasiya kutuluka pampopi tsiku lachiwiri, ndipo popeza konkire yatsopano imafunika kuthiriridwa m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu, tidalipira amayi otunga madzi kuchitsime K25,000, n'kufunditsa silabu yonse ndi masaka onyowa kuti isaume msanga.

Amisiri adapendeketsa silabu pang'ono, sentimita imodzi pa mita iliyonse, kutsikira kumwera kumene kuli ngalande, kuti madzi a mvula asamaime. Ndi mmene mmisiri aliyense wodziwa ntchito amachitira. Owerenga asunge mfundo imeneyi chifukwa idabweranso patsogolo.

Pa 1 Juni: kujambula magombe

Tidajambula mabokosi a masentimita 50 pa silabu ndi chingwe chopaka choko, mabokosi ofanana nawo pa pepala, ndipo wophunzira aliyense adapatsidwa mabokosi ake kuti akopere. Africa idatha msanga chifukwa gombe lake ndi losalala, lilibe zokhotakhota zambiri. Asia idatidyera nthawi. Indonesia yokha ili ndi zilumba zoposa 17,000, Philippines zoposa 7,000, ndipo palibe amene angazijambule zonse. Tidasankha zikuluzikulu: Sumatra, Java, Borneo, Sulawesi ndi New Guinea, kenako Luzon ndi Mindanao, ndi zinayi zikuluzikulu za Japan, zomwe ndi Honshu, Hokkaido, Kyushu ndi Shikoku.

Panabuka funso lakuti Asia imathera pati, popeza pakati pa Asia ndi Ulaya palibe nyanja yolekanitsa. Tidatsata malire amene mabuku ambiri amagwiritsa ntchito: mapiri a Ural, mtsinje wa Ural, nyanja ya Caspian, mapiri a Caucasus, mpaka pa Bosporus, kampata ka nyanja ku Turkey, pamene mzinda wa Istanbul wakhala mbali zonse ziwiri. Ulaya tidaijambula gombe lokha ndipo idzakhala yosapaka penti. Pakati pa Africa ndi Asia tidadula kamzere kosakwana masentimita 8, koimira ngalande ya Suez imene idatsegulidwa mu 1869 ndipo ndi yotalika makilomita pafupifupi 193. Chigawo cha Sinai chili kum'mawa kwa ngalandeyi, kotero Egypt ili ndi malo ku makontinenti onse awiri, chinthu chimene ophunzira ambiri adachidziwa tsiku limenelo.

Usiku kudagwa kamvula ndipo theka la choko lidafufutika. Pobwereza tidalemba ndi makala, kenako n'kudinda mzere wonse ndi msomali ndi hamala.

Pa 8 Juni: mapiri

Pa muyeso wa mapu athu, phiri la Everest, lomwe ndi lotalika mamita 8,849, likadakhala mamilimita osakwana 4, chinthu chimene phazi silingachimve n'komwe. Tidaganiza zoti pa msinkhu sentimita imodzi iimire mamita 500, kutanthauza kuti mapiri takuza maulendo 50. Everest tsopano ndi masentimita pafupifupi 18, Kilimanjaro ya mamita 5,895 ndi masentimita 12, ndipo nsonga ya Sapitwa pa Mulanje, ya mamita 3,002, ndi masentimita 6. Izi tidzazilemba pachikwangwani kuti wophunzira asamaganize kuti mapiri ndi osongoka chotere.

Simenti idali itakwera. Matumba 9 tidagula pa K21,000 lililonse, zonse K189,000. Mapiri a Atlas ku Morocco, Drakensberg kumwera, mapiri a ku Ethiopia ndi Zagros ku Iran adaumbika popanda vuto. Vuto lidali pa Tibet. Dera limeneli ndi chitunda chachikulu chokwera pafupifupi mamita 4,500, ndipo pa mapu athu ndi chigulumwa chokhuthala masentimita 9, chotalika pafupifupi mita imodzi. Tidachiumba ndi matope a simenti okhaokha tsiku limodzi, ndipo patapita masiku atatu chidang'aluka pakati, m'mphepete n'kumatukuka chifukwa sichidagwirane ndi silabu yosalala ya pansi.

Amisiri aakulu adatiuza kuti, "Aphunzitsi, simenti yokhuthala chotere siumbidwa kamodzi. Mkati muikemo njerwa, ndipo pansipo mupagobe kaye." Tidagumula chonse, tidagoba silabu ndi tchizulo, tidayala njerwa zootcha zimene kholo lina lidapereka, n'kukuta ndi waya wa khola la nkhuku wa K38,000, kenako pulasitala kawiri, kusiya masiku awiri pakati. Mapiri a Himalaya tidawaumba m'mphepete mwa chitundacho chakumwera, mokhota kuchokera ku Pakistan kudutsa India, Nepal ndi Bhutan. Sichidang'alukenso. Ntchito yobwerezayi pamodzi ndi kuumba mapiri onse amisiri adalandira K90,000.

Pa 22 Juni: mitsinje, ndi Nile imene idabwerera m'mbuyo

Gawo ili ndi limene lidatiphunzitsa zambiri, ndipo ndilemba mwatsatanetsatane. Mitsinje tidaigoba ndi galainda yobwereka, timingalande ta sentimita imodzi mulifupi, ndi cholinga choti munthu akathira madzi pagwero, madziwo ayende okha mpaka kunyanja.

Mitsinje ya ku Asia idayenda bwino ulendo woyamba. Ndowa imodzi yothiridwa pang'onopang'ono pa Tibet idagawika yokha: madzi ena adatsata Indus kulowera ku Pakistan, ena Brahmaputra kukakumana ndi Ganges ku Bangladesh, ena Mekong kudutsa Laos, Cambodia ndi Vietnam, ena Yangtze ndi Huang He kulowera kum'mawa kwa China. Palibe phunziro la pabolodi limene lidafotokozapo bwino chotere chifukwa chimene dera limodzi lozizira, lokhala anthu ochepa, lili lofunika kwa mayiko amene ali ndi anthu ochuluka kwambiri padziko lapansi, monga India ndi China, amene lililonse lili ndi anthu oposa 1.4 biliyoni. Tigris ndi Euphrates, yochokera ku Turkey kudutsa Iraq, nayonso idayenda chifukwa imalowera kumwera.

Nile idakana. Tidathira madzi pa nyanja ya Victoria, ndipo m'malo molowera kumpoto madziwo adaima, kenako adasefukira kumwera cha ku Tanzania. Chifukwa chake chidapezeka titaika levulo. Nyanja ya Victoria ili pa mamita pafupifupi 1,134 pamwamba pa nyanja yamchere, kutanthauza masentimita ongopitirira 2 pa mapu athu. Kuchokera pamenepo kufika ku Mediterranean ndi mtunda woposa mita imodzi pa silabu, mtsinjewo ukuyenda mokhotakhota, ndipo silabu ija amisiri adaipendeketsa kuti ikwere chakumpoto. Kupendeka kwa silabu kudadya pafupifupi kutsetsereka konse kwa mtsinje. Chowawa n'chakuti ophunzira ambiri amakhulupirira kale kuti mtsinje sungayende "chokwera" pa mapu, kuti kumpoto ndi kumwamba, ndipo tsiku limenelo mapu athu adaoneka ngati akuwavomereza.

Kukonza kwake kudali kuwiri. Tidakweza chitunda cha kum'mawa kwa Africa ndi sentimita imodzi ndi theka kuposa mmene muyeso ukunenera, ndipo ngalande ya Nile tidaizamitsa pang'onopang'ono kuyambira ku Khartoum, pamene White Nile imakumana ndi Blue Nile yochokera ku nyanja ya Tana ku Ethiopia, mpaka kukafika ku Cairo, n'kuboola kabowo pa Mediterranean kotulutsira madzi kunja kwa silabu. Tsopano imayenda, ngakhale mwaulesi. Mitsinje ya ku Siberia, Ob, Yenisei ndi Lena, nayonso imalowera kumpoto, ndipo tidaikonza mofananamo. Amene akumanga mapu otere apemphe amisiri kuti silabu ikhale yosapendeka, madzi a mvula awatulutsire m'mabowo a m'nyanja zamchere. Kuboola mabowo n'kotchipa kuposa kugoba konkire youma.

Congo idafuna luso chifukwa imadutsa Ikweta kawiri isanakathire mu Atlantic. Niger imayambira ku mapiri a ku Guinea, pafupi ndithu ndi nyanja, koma imathawira kumtunda mpaka cha ku Timbuktu ku Mali isanakhotere kumwera kukathira ku Nigeria. Wophunzira amene adapatsidwa mtsinjewu adauwongola kuti ufike kunyanja mwachidule, poganiza kuti pepala lalakwitsa, ndipo tidamata ndi kugobanso. Okavango tidaisiya kuti ithere mumchenga wa ku Botswana monga imachitiradi. Shire ndi masentimita 16 okha kuchokera kunyanja kufika ku Zambezi, ndipo tidaigoba ndi msomali chifukwa galainda ikadachotsa boma lonse la Chikwawa.

Dead Sea, pakati pa Jordan ndi Israel, ili mamita oposa 400 pansi pa msinkhu wa nyanja yamchere, ndipo pa mapu athu ndi kadzenje kamene kamasunga madzi nthawi zonse. Tidakasiya choncho chifukwa ndi mmene ilili, koma timakapukuta tikatha phunziro poopa udzudzu.

Pa 6 Julaye: penti woyamba, wotayika

Tidagula penti wa mafuta wa mitundu inayi pa K96,000 ndipo tidapaka nyanja zonse ndi chipululu cha Sahara. Sabata imeneyo kudabwera chiperoni, chifunga ndi mvula yowaza masiku otsatizana, ndipo penti sadaume. Dzuwa litabwerera adayamba kutupa ndi kusupuka ngati khungu la njoka, makamaka pa mapiri amene pulasitala wake adali asanakwanitse mwezi. Wogulitsa penti wina ku Limbe adatifotokozera kuti simenti yatsopano imatulutsa chinyontho ndi mchere umene umadya penti wa mafuta, ndipo imafunika kudikira masiku osachepera 28, kenako kupaka penti wopangidwira pansi. Tidapala yense ndi mabulashi a waya a K12,000. Ndalama ya penti woyambayo idapita yonse.

Pa 20 Julaye: malire a mayiko

Podikira kuti simenti iume tidakonza malire pa pepala, ndipo apa ndi pamene tidapanga chiganizo chimene ndikuona kuti n'chofunika kuposa zonse pa ntchitoyi. A tcheyamani a komiti adafuna kuti malire ndi mayina a mayiko tigobe mu simenti, kuti asamafufutike ndipo tisamawonongenso ndalama za penti chaka ndi chaka. Maganizo awo adali omveka kwa munthu amene wangoona K96,000 ikupalidwa ndi bulashi.

Ndidabweretsa kumsonkhano buku lakale la mapu limene lili mulaibulale yathu. M'bukumo muli Zaire, dzina limene lidasintha mu 1997 kukhala Democratic Republic of the Congo. Muli South West Africa pamalo pa Namibia, imene idalandira ufulu mu 1990. Eritrea mulibe, chifukwa idapatukana ndi Ethiopia mu 1993, ndipo Sudan ndi dziko limodzi, pamene South Sudan idadziimira payokha mu 2011. Ku Asia Yemen ndi mayiko awiri, amene adaphatikizana mu 1990, ndipo kumpoto konse ndi Soviet Union, imene itatha mu 1991 padatuluka Kazakhstan, Uzbekistan, Turkmenistan, Kyrgyzstan ndi Tajikistan pakati pa Asia. Timor-Leste ya 2002 mulibe. Swaziland idakhala Eswatini mu 2018. Malikulu nawonso amasamuka: Nigeria idachoka ku Lagos kupita ku Abuja mu 1991, Myanmar idasiya Yangon n'kupita ku Naypyidaw, Burundi idasankha Gitega m'malo mwa Bujumbura, ndipo likulu la Kazakhstan lidasintha dzina kuchoka pa Astana kukhala Nur-Sultan mu 2019, kenako n'kubwerera pa Astana mu 2022. Ifenso likulu lathu lidachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975. M'buku lonselo Kilimanjaro ndi Zambezi zili pamene zili lero.

Komiti idavomereza kuti mapiri, mitsinje ndi magombe zikhale za simenti, malire akhale a penti wopyapyala, ndipo mayina a mayiko ndi malikulu alembedwe pa timatabwa tonyamulika timene ophunzira aziika okha pa nthawi ya phunziro. Timatabwati tidacheketsa kwa kalipentala wa pamsika pa K20,000, ndipo tapeza kuti ndi mayeso abwino: wophunzira amapatsidwa timatabwa khumi kuti akatiike pamalo pake.

Malire okanganirana adatitengera msonkhano wina. Pa nyanja ya Malawi tidatsata mapu a boma lathu, amene amaika malire kugombe la Tanzania motsatira pangano la Britain ndi Germany la 1890, ngakhale Tanzania imanena kuti malire adutse pakati pa nyanja. Mbali ya Mozambique malire amadutsa m'madzi, ndipo Likoma ndi Chizumulu ndi timadontho tiwiri ta Malawi mkati mwa madzi a Mozambique. Kashmir, imene India ndi Pakistan akhala akulimbirana kuyambira 1947, tidaijambula ndi mzere wodukaduka, chimodzimodzinso Western Sahara. Dera lomalizali ndi limene limachititsa kuti mabuku ena anene kuti Africa ili ndi mayiko 54 pamene bungwe la African Union lili ndi mamembala 55. Ndidauza ophunzira kuti mzere wodukaduka ukutanthauza kuti eni ake sadagwirizane, ndipo si ntchito ya sukulu yathu kuwagamulira.

Pa 10 Ogasiti: penti wachiwiri ndi mayiko aang'ono

Penti wa pansi adatenga K165,000, ndipo tidapaka kunja kukuwala, sukulu ili patchuthi, kuti pasapondedwe. Sitidapake dziko lililonse mtundu wakewake. Tidapaka motsata chilengedwe: chikasu pa Sahara, Kalahari, Namib, Arabia ndi Gobi, chobiriwira kwambiri pa nkhalango za Congo ndi Borneo, choyera pa Himalaya ndi kumpoto kwa Siberia. Pa chikasu cha Egypt tidadutsitsa kamzere kobiriwira m'mphepete mwa Nile, pamene pamakhala pafupifupi anthu onse a dzikolo.

Mayiko aang'ono adavuta. Singapore ndi masentimita awiri. Gambia ndi kamzere kopyapyala kotsata mtsinje wake mkati mwa Senegal. Comoros, Mauritius, Seychelles, Cabo Verde, São Tomé and Príncipe, Bahrain ndi Maldives nawonso ndi ovuta kuumba. Poyamba tidamata zitsekerero za mabotolo, koma ana a m'dera lino amene amasewera pabwaloli madzulo adazizula zonse kukasewerera. Tsopano taboola timabowo n'kumatiramo zidutswa za matailosi osweka, ndipo zagwira.

Pa 24 Ogasiti: njira za malonda ndi mbewu

Mapu a malo okha sakadafotokoza chifukwa chimene tidaika makontinenti awiriwa pa silabu imodzi, kotero pa nyanja ya Indian Ocean tidajambula mivi iwiri. Wina ukuloza ku Africa, kuimira mphepo imene imaomba kuchokera kumpoto chakum'mawa kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi, imene inkabweretsa zombo za matanga kuchokera ku Arabia, Persia ndi India. Wina ukubwerera, kuimira mphepo ya pakati pa Epulo ndi Seputembala imene inkazibweza kwawo. Pagombe tidaika timadontho tofiira pa Mogadishu, Malindi, Mombasa, Zanzibar, Kilwa ndi Sofala. Golide wa ku Great Zimbabwe ankatulukira ku Sofala ndi Kilwa. Zombo za ku China zotsogozedwa ndi Zheng He zidafika kugombe limeneli kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1400, ndipo Vasco da Gama adachokera ku Malindi mu 1498 powolokera ku Calicut ku India. M'zaka za m'ma 1800 mfumu ya ku Oman, Seyyid Said, idasamutsira likulu lake ku Zanzibar.

Kuchokera ku Kilwa tidakoka mzere wakuda kufika ku Nkhotakota, kumene kunkakhala a Jumbe, njira imene minyanga ya njovu ndi akapolo ochokera kuno ankadutsa. Pa mapu ndi mtunda wosakwana mapazi awiri, ndipo ophunzira amakhala chete akauyenda. Kholo lina litaona Myanmar lidatiuza kuti agogo ake adakamenya nkhondo kumeneko, dzikolo likutchedwa Burma, ali m'gulu la King's African Rifles pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo lidapempha kuti tiikepo chizindikiro. Tidaika. Tidaikanso kadontho pa Bandung ku Indonesia, kumene atsogoleri a mayiko a ku Africa ndi Asia adakumana mu 1955, ndi mzere wa njanji ya TAZARA, ya makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, imene idamangidwa ndi thandizo la China pakati pa 1970 ndi 1975. Madagascar tidailumikiza ndi Borneo ndi mzere wa timadontho, popeza chilankhulo cha anthu a pachilumbachi chidachokera kumeneko ngakhale chilumbacho chayandikana ndi Mozambique.

Pa zipembedzo padali kukambirana kwakutali, chifukwa m'komiti muli Akhristu ndi Asilamu, ndipo palibe amene adafuna kuti mtanda kapena mwezi zijambulidwe pansi pamene anthu aziponda ndi nsapato. Tidagwirizana kuti pansi pakhale timadontho toyera topanda chizindikiro, ndipo mayina akhale pa timatabwa: Jerusalem, Mecca, Varanasi, Lumbini kumene kudabadwira Buddha, Amritsar ya Asikh, ndi Lalibela ku Ethiopia kumene matchalitchi adasemedwa m'thanthwe.

Tidakonzanso timabotolo ta mbewu toti tiziikidwa pamene mbewuyo idachokera: mapira ndi mawere ku Africa, khofi ku Ethiopia, mpunga, soya ndi tiyi ku China, mango ku India, nthochi ndi nzimbe ku zilumba za kumwera chakum'mawa, cha ku New Guinea. Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje, mango a ku Salima ndi nzimbe za ku Nchalo zonse zidakaima kutsidya la nyanja. Botolo la chimanga lidasowa poliika, chifukwa chimanga chidachokera ku Mexico, ndipo chinangwa chidachokera ku South America, malo amene pa silabu yathu palibe. Timaliika pa udzu, kumadzulo kwa Atlantic. Patangotha milungu iwiri anankafumbwe adalowa m'mabotolo a mapira ndi chimanga. Mbewu zatsopano tidaziyanika bwino, kuzisakaniza ndi phulusa, n'kumata zitsekerero ndi phula la kandulo.

Pa 14 Seputembala: ndalama ndi zimene zatsala

Zonse pamodzi zakwana K1,425,000, kupitirira bajeti ndi K525,000. Ndalama yoonjezera idachokera kwa ophunzira akale a pasukulu pano ndi ku malonda a zitumbuwa a kalabu ya Geography. Zimene zikadapewedwa ndi penti wa mafuta ndi mabulashi ake, kugumula Tibet, ndi masiku amene tidataya pokonza Nile.

Sukulu yatsegulira ndipo makalasi anayi aphunzirapo kale. Mavuto atsopano ndi atatu. Nsonga ya Everest yabenthuka chifukwa wophunzira aliyense amafuna kuimapo, ndipo amisiri akuti tizike kachitsulo mkati tisanaiumbenso. Fumbi la mwezi uno limadzaza timingalande ta mitsinje, kotero kalasi iliyonse imasesa ndi bulashi isanathire madzi. Mbuzi za m'mudzi zimagona pa Sahara masana chifukwa pamafunda, ndipo mpanda wa waya umene tafunsa mtengo wake ndi woposa ndalama imene yatsala, kotero pakadali pano tabzala mitengo ya mpanda wamoyo kuzungulira. Mabowo otulutsira madzi sadayesedwe ndi mvula yeniyeni. Tidzaona mu Disembala ngati akukwanira, makamaka la ku Mediterranean ndi la ku Bay of Bengal kumene madzi ambiri a pa silabu amasonkhana, ndipo ngati sakukwanira tidzawakuza ndi kuikamo mapaipi a mainchesi awiri.